Mau Akuti "Boy"

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, lero tikambe za liwu limodzi la Chingerezi limene ngakhale osapita ku sukulu amalidziwa, ndilo lakuti "boy". Tanthauzo lake lenileni ndi mwana wamwamuna, mnyamata amene sanamere ndevu. Ku England bambo akamati "my boy" kwa mwana wake, amenewo ndi mau achikondi. Munthu akakula amamutcha "man", ndipo pomuitana amati "Mister" pamodzi ndi dzina la makolo ake.

Koma Angerezi atayamba kulamula dziko lino mu 1891, liwuli linapatsidwa nchito ina. Wophika wa imvi, wokhala ndi adzukulu, ankamuitana "Boy!" Wosesa m'nyumba anali "houseboy", wothirira maluwa "garden boy". Amene anapita ndi Wenela ku migodi ya ku Joni akukumbukira kuti ngakhale kapitao woyang'anira amuna anzake pansi pa nthaka anali "boss boy". Kodi Azunguwo sankadziwa chinenero chao? Ankachidziwa bwino lomwe. Mwana salandira malipiro a munthu wamkulu, saponya voti, salankhula pabwalo. Ukamamutcha munthu mwana tsiku ndi tsiku, kummana zonsezi sikuvuta.

Mwambo wathu sutero ai. Mnyamata akavinidwa amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana ndi mlandu. Munthu wamkulu timamuitana ndi mfunda wake: a Phiri, a Banda, a Mwale.

Chotidandaulitsa nachi. Chitaganya chinatha mu 1963, ufulu tinalandira pa 6 July 1964, koma liwuli silinasamuke. Lero amene akuti "gadeniboyi wanga" ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi ana athu omwe, amene tinawaphunzitsa ndi ndalama za fodya ndi mtedza. Nanga "boyi" wakeyo ndani? Ndi munthu wa m'midzi yathu ino, nthawi zina wa msinkhu wa atate ao. Chipongwe chimene tinachikana kwa alendo tingachilole bwanji pakamwa pa mwana wathu?

Tsono pempho lathu kwa mamembala onse ndi ili. Ana athu akabwera kumudzi pa Khirisimasi nayamba kunena za "boyi" wao, tiwafunse dzina la munthuyo, mfunda wake ndi kwao. Tiwafunsenso kuti amamlipira zingati pa mwezi. Ana a sukulu aliphunzire liwuli, pakuti ndi Chingerezi chabwino, koma azilinena kwa anyamata okha.

Mlembi wa Nthambi