ZA SAYANSI: Mlendo akalanda mlembi wa mfumu

Dzinja likafika, dzina la kolera limamveka m'zipatala za ku Tete, Beira ndi Quelimane. Matendawa amabwera ndi kachirombo ka m'madzi oipa, ka mtundu wa bakiteriya. Koma ambiri sadziwa kuti nawonso mabakiteriya amadwala. Ali ndi adani awo, mavairasi ang'onoang'ono amene asayansi amawatcha phage. Frederick Twort wa ku England anawaona mu 1915, ndipo Félix d'Hérelle anawapezanso ku Paris mu 1917 nawapatsa dzina lotanthauza "wodya mabakiteriya".

Vairasi ilibe zipangizo zopangira thupi lake. Kuti iswane, iyenera kulanda za mwini nyumba. Mmene imachitira zimenezi zadziwika bwino pa phage yotchedwa T4, imene imagwira bakiteriya wa m'matumbo, Escherichia coli.

M'kati mwa bakiteriya muli enzayimu yotchedwa RNA polymerase. Ntchito yake ikufanana ndi ya mlembi wa kwa mfumu: amawerenga malamulo olembedwa mu DNA, amawakopera, ndipo makalatawo amapita ku maribosomu kumene mapuloteni amapangidwa. Amene wagwira mlembi wagwira mudzi wonse.

T4 siipha mlembiyu, imamutembenuza. Ikaboola khungu la bakiteriya, imalowetsa DNA yake pamodzi ndi puloteni yotchedwa Alt. Puloteniyi imamata kachidindo kotchedwa ADP-ribose pa chiwalo chimodzi cha mlembi. Pasanapite nthawi ina yotchedwa ModA imamatanso chidindo chomwecho, ndipo mlembi amayamba kunyalanyaza malamulo ambiri a mwini mudzi. Yachitatu, Alc, imamuimitsa akamakopera DNA ya bakiteriya, koma DNA ya T4 imadutsa bwino chifukwa chimodzi mwa zilembo zake n'chosinthidwa.

Kenaka mlendo amasintha wolondolera. Mlembi ali ndi mthandizi wotchedwa sigma 70, amene amamuonetsa poyambira kuwerenga. Puloteni ya T4 yotchedwa AsiA imagwira mthandiziyu, ndipo mogwirizana ndi MotA imalozera mlembi ku malamulo a vairasi. Pomaliza T4 imaikapo mthandizi wakewake, gp55, amene amalembetsa malamulo opangira mitu ndi michira ya ana ake. Patatha mphindi pafupifupi 30 bakiteriya amaphulika, ndipo mumatuluka ma phage atsopano oposa 100. Phage ina, T7, ili ndi njira yosiyana: imamanga manja mlembi wa mwini nyumba n'kudzipangira wake.

Nanga zonsezi zikukhudza bwanji mayi wotunga madzi ku Zambezi? Si phage iliyonse imene imapha. Zina zimalowa, zimabisa DNA yawo m'kati mwa ya bakiteriya, n'kukhazikika ngati mkamwini. Mu 1996 Matthew Waldor ndi John Mekalanos a ku Harvard anapeza kuti malamulo opangira poizoni wa kolera anabwera ndi phage yotere, yotchedwa CTX. Bakiteriya wa Vibrio cholerae amene alibe mlendoyu sayambitsa kolera yoopsa ija.

Ndipo poizoniyo amagwiritsa ntchito chinyengo chomwe chija cha T4. Akafika m'matumbo a munthu amamata chidindo cha ADP-ribose pa puloteni imene imalamula katulutsidwe ka mchere. Puloteniyo imakanika kuzima, mchere umatuluka, madzi amautsatira, ndipo wodwala amatsekula madzi onga otsukira mpunga. Munthu wamkulu angathe kufa tsiku lomwelo. Namondwe wa Idai atadutsa mu 2019, anthu oposa 6,000 anadwala kolera m'chigawo cha Sofala. N'chifukwa chake mankhwala oyamba ndi kubwezera zimene zikutayika, madzi osakaniza ndi paketi ya mchere ndi shuga ya kuchipatala, kuyambira kunyumba komweko ndi m'njira monse.

Ma phage akupha aja angathenso kukhala abwenzi. Ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, kuli Eliava Institute imene inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo madokotala akumeneko akhala akuchiza nawo zilonda ndi matenda a m'mimba. Popeza mabakiteriya ambiri ayamba kupima mankhwala monga penisilini, maiko ena ayambanso kuwayesa. Vuto lake n'lakuti phage iliyonse imagwira mitundu yochepa chabe ya mabakiteriya, choncho dokotala ayenera kudziwa kaye mdani weniweni.

Chithandizo chimenechi sichinafike pa zipatala za kumidzi. Pakali pano chitetezo cha banja chili pa chimbudzi, sopo, ndi madzi owiritsa kapena othira Certeza. Wotsekula m'mimba asadikire kuti kuche.