Dzenje la Chingwe Likudikira Mlembi

Ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale adakula akubwerekana mabuku a Hardy Boys ndi Nancy Drew mpaka masamba kuthothoka. Palibe cholakwa pamenepo. Chodandaulitsa nchakuti mwana wa ku Chinamwali amadziŵa zinsinsi za ku America, koma za phiri limene amaliona m'maŵa uliwonse sazidziŵa.

Pamwamba pa phiri la Zomba pali Dzenje la Chingwe. Akuluakulu ena amati mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo akhate. Zoona nziti? Funso limeneli palokha ndi buku lathunthu: anyamata aŵiri ndi mtsikana akufunsa agogo, akuyerekeza mawu a uyu ndi a uyo, kenaka akutsika phiri kukafufuza m'mapepala akale a ku National Archives, m'tauni momwemo.

Nkhani nzosasoŵa. Zomba idali likulu la dziko kufikira 1975. Mu Disembala 1946 Napolo adagumula phiri, madzi nakokolola milatho ndi anthu. Mlembi waluso angathe kupeka kalata imene idasoŵa usiku umenewo, ana a lero nkuipeza.

Koma asamale. Nthano imalola kupeka ofufuzawo, koma siilola kusuntha chaka kapena kunamizira mfumu imene zidzukulu zake zikali moyo. Aphunzitsi a mbiri ndi a Chicheŵa aziŵerenga zimene achinyamata alemba zisanapite kwa osindikiza. Ndipo ofuna kulembawo afulumire, popeza amene adaona Napolo ali ana tsopano apitirira zaka 80.