Golf yakale njokoma, koma funsani kaye za giya bokosi

Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Anzanga a geni ndi inu ophunzira, musathamangire Volkswagen Golf kapena Polo yakale chabe poti njachijeremani.

Inde, Golf njolimba, ndipo yakhala ikupangidwa kuyambira 1974. Koma kulimbako kumadalira mmene mwini wake woyamba ankaisamalira. Galimoto zimenezi sizikhululuka munthu akamazemba sevisi.

Tengani giya bokosi ya DSG ya magiya 7, yomwe inatuluka mu 2008. Inavuta mpaka mu 2013 kampaniyo inaitanitsa galimoto pafupifupi 1.6 miliyoni kuti zikasinthidwe oyilo wa m'giya. Ya magiya 6 imafuna oyilo watsopano pa makilomita 60,000 alionse. Nawo mainjini oyambirira a 1.4 TSI ali ndi tcheni cha timing chomwe chimatamuka. Mukamva phokoso ngati la unyolo poliza injini m'mawa, bwezani ndalama m'thumba.

Tsono makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande Corolla amaitha ndi sipanala, koma izi zimafuna kompyuta, nthawi zina mpaka masipeyala oitanitsa kunja. Masabata n'kumapita galimoto ili pamiyala, katundu wa geni akuyenda pa minibasi.

Sindikuti musagule ayi. Koma funsani buku la sevisi, muiike pa kompyuta musanalipire, ndipo ngati n'kotheka sankhani ya giya yapamanja. Wogulitsa akakana zimenezi, ali ndi chimene akubisa. Ndipo ngati ndalama yonse ithera pogula, osatsalako yokonzera, dikirani kaye, abale.