Mpweya wanu ungaulule kachilombo ka m'mimba

Achinyamata ambiri akamva kutentha kapena kupweteka pamwamba pa mimba amadzigamula okha: "Ndili ndi ma ulcers." Kenako wina amati siya tsabola, wina amati imwa mkaka, wina amawagawira mapiritsi amene anatsala kwa azakhali. Ine ndine mphunzitsi wa fizikisi, si dokotala, koma pankhaniyi ndili ndi maganizo olimba: munthu ayezedwe kaye asanayambe mankhwala. Ndipo kuyezako sikufuna kuti akulowetseni chubu pakhosi ayi.

Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Madokotala awiri a ku Perth, ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, atanena zimenezi anzawo ambiri anakayikira, poti ankati m'mimba muli asidi wochuluka moti kachilombo sikangakhalemo. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi bakiteriyayo, ndipo pasanathe masabata awiri anadwala. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2005.

Nanga kachilomboka kamapulumuka bwanji mu asidi? Kali ndi enzyme yotchedwa urease, imene imaphwanya urea n'kutulutsa ammonia ndi carbon dioxide. Ammonia uja amafooketsa asidi woyandikana nako, kenaka n'kukhala mwamtendere. Koma chida chimene kamadzitetezera nachocho ndi chomwenso chimakaulula.

Apa ndiye pamandikomera, chifukwa ndi phunziro lathu lomwe lija la ma isotope. Kaboni yambiri m'chilengedwe ndi carbon-12. Pa maatomu 100 aliwonse, pafupifupi imodzi yokha ndi carbon-13, imene ili ndi neutron imodzi yoonjezera. Poyeza, mumayamba kupumira m'kathumba. Kenako mumamwa urea wopangidwa ndi carbon-13, n'kudikira mphindi 15 mpaka 30, n'kupumiranso m'kathumba kena. Ngati bakiteriya alimo, amaphwanya urea uja, carbon dioxide wolemererako amalowa m'magazi, amafika m'mapapo, n'kutuluka ndi mpweya wanu. Ngati mulibe, matumba awiriwo amakhala ofanana.

Makina amasiyanitsa bwanji mpweya wosaoneka ndi maso? Kumbukirani sipuling'i ija ya mu labu. Mukapachika cholemera kwambiri, imakwera n'kutsika pang'onopang'ono kusiyana ndi pamene mwapachika chopepuka. Maatomu a mu molekyu ya carbon dioxide amanjenjemeranso chimodzimodzi, ngati olumikizidwa ndi timasipuling'i. Yokhala ndi carbon-13 imanjenjemera mochedwerako, choncho imayamwa kuwala kwa infrared kwa frequency yotsikirako. Makina amangowerenga kusiyana kumeneko. Ndipo musachite mantha ndi dzina loti isotope: carbon-13 si radioactive.

Makinawa ndi odula, sapezeka paliponse. Njira ina ndi kuyeza chimbudzi, kufufuza tizidutswa ta bakiteriyayo. Mukuseka, ndikudziwa, koma njirayi ndi yodalirika ndipo ndi yotchipirapo. Imene ndimaikayikira ndi ya magazi. Iyo imangoona ma antibody, amene angakhalebe m'thupi miyezi kapena zaka kachilombo katafa kale. Ili ngati phulusa: limakuuzani kuti panali moto, osati kuti ukuyakabe.

Tsono mapiritsi a azakhali aja amaononga chiyani? Omeprazole ndi maantibayotiki amachepetsa bakiteriya osawamaliza, ndiye mukayezetsa zotsatira zimatha kunena kuti mulibe pamene alimo. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti papite masabata awiri musanamwe omeprazole, ndi anayi musanamwe maantibayotiki. Komanso mankhwala enieni ndi ophatikiza, maantibayotiki awiri kapena kuposerapo pamodzi ndi ochepetsa asidi, kwa masiku 10 mpaka 14. Kumwa amoxicillin masiku atatu n'kusiya kumangosiya kachilomboko kali moyo.

Wina afunsa: bwanji osangoyeza sukulu yonse? Ku Japan, m'dera la Saga, akhala akuyeza ophunzira a sekondale kuyambira 2016, poyamba ndi mkodzo, kenako chimbudzi. Iwo ali ndi chifukwa: khansa ya m'mimba ndi yofala kumeneko, ndipo kuyambira 1994 bungwe la WHO loona za khansa limawerengera bakiteriyayu m'gulu la zoyambitsa khansa. Koma pafupifupi theka la anthu padziko lapansi ali naye, ndipo ambiri sadwala n'komwe. Kupatsa aliyense wa iwo maantibayotiki kungafulumizitse vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Kwa ine, kuno kwathu oyamba kuyezedwa akhale amene mimba ikuwavuta mobwerezabwereza, ndi amene kubanja kwawo wina anadwalapo khansa ya m'mimba.

Pali zizindikiro zina zosafuna kathumba kapena kudikira: kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kuonda popanda chifukwa, kapena kuvutika kumeza. Zikatero uzani makolo kapena a patironi ndi a matironi tsiku lomwelo, mupite kuchipatala. Pamenepo chubu cha kamera chija chimafunikadi.