Makina ojambula ubongo ndi msana: tigule ati, tijambule ndani?

Munthu akagwa mwadzidzidzi, kamwa n'kupindika, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi n'kuleka kugwira ntchito, dokotala amatsala ndi funso lomwe maso ndi manja ake sangayankhe motsimikiza: kodi mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika? Zizindikiro za mitundu iwiriyi ya sitiroko zimafanana, koma chithandizo chake n'chotsutsana. Aspirin amathandiza ngati mtsempha watsekeka, pomwe ngati waphulika angathe kuwonjezera kukha kwa magazi. Makina a CT amayankha funsoli m'mphindi zochepa. Popanda makinawo, dokotala amangoyerekeza, ndipo amene amalipira akaphonya ndi wodwala.

Choncho palibe munthu woganiza bwino angatsutse kuti Malawi ikufunika makina ojambula ubongo ndi msana. Mkangano uli poti ndalama za unduna wa zaumoyo n'zochepa, makinawa ndi odula, ndipo si chithunzi chilichonse chomwe chimasintha chithandizo.

Makinawa alipo amitundu iwiri. CT, yomwe Godfrey Hounsfield anaigwiritsa ntchito koyamba pa wodwala mu 1971 ku chipatala cha Atkinson Morley ku London, ndi ekisileyi yozungulira mutu, kompyuta n'kuphatikiza zomwe yaona kukhala zithunzi za magawo opyapyala. Ndi yachangu, ndipo imaona bwino magazi okha komanso mafupa osweka. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi. Imaonetsa ubongo weniweniwo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana bwino kuposa CT, koma imachedwa, imafuna wodwala agone osagwedezeka kwa nthawi ndithu, ndipo mtengo wake wogulira ndi woyendetsera ndi wokwera kwambiri.

Umboni wamphamvu wa phindu la makinawa suli kutali, uli ku Blantyre. Kwa zaka zambiri madokotala a ana pa chipatala cha Gulupu ankaona ana odwala malungo a mu ubongo akukomoka, kenako n'kungoleka kupuma, ngakhale atalandira mankhwala oyenera. Chomwe chinkawapha kwenikweni sichinkadziwika. Mu 2008, gulu la Blantyre Malaria Project, lotsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University, linabweretsa makina a MRI oyamba m'dziko muno. Mphamvu ya maginito ake inali 0.35 tesla, yochepa poyerekeza ndi 1.5 tesla yomwe zipatala zambiri za maiko olemera zimagwiritsa ntchito. Zotsatira za kafukufuku wawo zinatuluka mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine, olemba ake kuphatikizapo Dr Karl Seydel ndi katswiri wa ku Malawi wowerenga zithunzi, Dr Sam Kampondeni. Mwa ana 168 omwe anajambulidwa, 25 anamwalira. Mwa 25 amenewo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pomwe mwa ana omwe anachira, kutupa kotereku kunapezeka mwa 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa umasowa kolowera chifukwa chigaza sichitambasuka, ndiye umafinya gawo la m'munsi lomwe limayendetsa kupuma. Dziko lonse linaphunzira zimenezi kuchokera kwa ana athu, ndipo ofufuza anayamba kuyesa njira zosungira mwanayo akupuma mpaka kutupako kutaphwa.

Nkhani imeneyi imandinyaditsa, koma tiiwerenge mosamala. Makinawo anabwera ndi ndalama za kafukufuku, ndi akatswiri owayang'anira, ndi funso lomveka lofuna yankho. Zitatuzi n'zimene zimasowa kawirikawiri boma kapena wopereka thandizo akagula makina. Tsiku lotsegulira pamakhala nduna, atolankhani ndi magule. Pakatha chaka, kachipangizo kamodzi kakapsa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, amisiri ayenera kuchokera kunja, ndalama zakunja zogulira kachipangizoko palibe, ndipo chipinda chimatsekedwa. Makina a MRI a mphamvu zambiri amafunanso mpweya wa helium woziziritsa maginito mpaka pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo mpweyawo sitipanga kuno. Amene amati ndalama zoterezi zikanagula mankhwala a BP, maneti ndi maambulansi sakulankhula zopanda nzeru. Sitiroko yopewedwa ndi mapiritsi otsika mtengo imaposa sitiroko yojambulidwa bwino.

Palinso funso lowawa: tikaona, tichita chiyani? Mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amagwira ntchito akaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni sitiroko. Wodwala wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa safika pa chipatala chachikulu m'nthawi imeneyo. Chotupa cha mu ubongo chikaoneka pa chithunzi, pamafunika dokotala wa opaleshoni ya ubongo, ndipo akatswiri amenewa kuno ndi owerengeka. Komabe mfundo iyi ndimaivomereza theka lokha. Mnyamata wa kabaza wovulala m'mutu, yemwe magazi akuunjikana pakati pa chigaza ndi ubongo, angapulumutsidwe ndi opaleshoni yoboola chigaza yomwe dokotala wa opaleshoni wophunzitsidwa bwino angachite, bola adziwe mbali yoti aboole. Ndipo ngakhale pamene matenda ali osachizika, banja lodziwa choonadi silimagulitsa mbuzi ndi munda kuthamangira kwa asing'anga ndi zipatala zina popanda chiyembekezo.

Ku msana ndiko kuli vuto losiyana kotheratu, la kujambula mopitirira muyeso. M'tauni masiku ano, munthu wa ndalama kapena wa inshulansi ya zachipatala msana ukamupweteka sabata imodzi amafuna MRI, ndipo amaona ngati dokotala womukaniza ndi waulesi. Koma mu 1994 magazini yomweyi ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa anthu 98 omwe msana sunkawapweteka n'komwe. Atawajambula, 36 okha pa 100 alionse ndi omwe anali ndi madisiki abwinobwino ponseponse. Madisikiwa ndi timapilo tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana. Oposa theka anali ndi disiki yotundumuka. Kafukufuku wina wa mu 2015, wophatikiza zotsatira zambiri, anapeza kuti mwa anthu osamva ululu, madisiki otha amapezeka mwa 37 pa 100 alionse a zaka 20, ndi mwa 96 pa 100 alionse a zaka 80. Ndi imvi za m'kati, zobwera ndi msinkhu. Munthu akawerenga lipoti lodzaza mawu oopsa amayamba kuopa kuwerama, kulima, ngakhale kunyamula mdzukulu, ena mpaka kukachitidwa opaleshoni yosafunikira, chonsecho ululu wambiri wa msana umatha wokha m'masabata ochepa.

Izi zikuchitika m'dziko lomwelo momwe mayi wa kumudzi wodwala chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana amamwa panado miyezi yambiri mpaka msana kutuluka linunda, miyendo n'kufa. Iyeyo ndiye wofunika MRI, ndipo mwachangu, chifukwa mtsempha waukulu ukafinyika nthawi yaitali subwereranso. Zizindikiro za vuto lotereli n'zodziwika: ululu wosaleka ngakhale usiku, kuwonda, kutentha thupi, miyendo kulefuka kapena kuchita dzanzi, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi. Kupanda chilungamo kuli pamenepa. Makina ochepa omwe tili nawo amatumikira amene angalipire, osati amene akudwala kwambiri.

CT nayo ili ndi mtengo wake pa thupi. Kujambula mutu kamodzi kumapatsa munthu cheza chofanana pafupifupi ndi chomwe amalandira mwachilengedwe kwa miyezi ingapo mpaka chaka. Kwa wovulala pangozi imeneyo si nkhani, koma mwana wojambulidwa mobwerezabwereza popanda chifukwa chomveka akuikidwa pachiopsezo chomwe chikanapewedwa.

Tisaiwalenso zida zotsika mtengo. Khanda lomwe mutu ukukula chifukwa cha madzi lingajambulidwe kudzera pa liwombo ndi sikani yomweyo yoyezera amayi oyembekezera. Matenda oumitsa khosi amatsimikizika potenga madzi a kumsana. Ku Blantyre komweko ofufuza anaonetsa kuti kuunika m'maso mwa mwana wokomoka kumathandiza kusiyanitsa malungo a mu ubongo enieni ndi matenda ena owafanana. Ndipo tsopano kuli MRI yaing'ono ya kampani ya Hyperfine, ya 0.064 tesla, yoyenda pa mateyala, yolumikizidwa ku soketi wamba, yosafuna helium, yomwe inayesedwapo ku Gulupu. Zithunzi zake si zakuthwa ngati za makina aakulu, imajambula mutu wokha, ndipo tisaitenge ngati mpulumutsi. Koma pofuna kuona madzi kapena kutupa mu ubongo wa mwana, ili ndi malo ake.

Maganizo anga ndi awa. Choyamba pa mndandanda chikhale CT yogwira ntchito usana ndi usiku pa zipatala zonse zinayi zazikulu, Gulupu, Kamuzu, Mzuzu ndi Zomba, ndipo pasagulidwe makina ena alionse popanda mgwirizano wa zaka zingapo wowakonzera ndi magetsi odalirika olipiridwa kale. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ipatsidwe ndalama zophunzitsira owerenga zithunzi ndi amisiri a makinawa, pakuti chithunzi chosawerengedwa sichichiza munthu. MRI ikhalepo m'malo ochepa, ndi lamulo lomveka loti wolefuka miyendo alowe patsogolo pa wa ndalama. Kwa inu owerenga, dokotala akanena kuti mujambulidwe, kapena mukafuna nokha, mufunseni chomwe akufuna kuona ndiponso ngati chithunzicho chisinthe chithandizo chanu. Koma ngati miyendo yayamba kulefuka, kamwa lapindika, kapena wovulala m'mutu wayamba kusanza ndi kuodzera, pitani ku chipatala tsiku lomwelo.