Mwati palibe wotsala m'mbuyo, nanga mwatiuza m'chinenero chanji?

Abale ndi alongo a m'gulu muno, makamaka inu amene mumakhala kapena kudutsa ku Kadoma ndi ku Chegutu, pepani lero uthenga ndi wautali. Muwerenge mukaima pa boda, pa mzere paja nthawi imakhalapo yambiri.

Mmodzi wa ife, mayi wogulitsa zitenje ndi nsapato, ananyamuka kukatenga katundu ku Lilongwe. Kupita ndi kubwera, kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Dedza, kunamutengera masiku 9. Pofika anapeza kuti khonsolo ya tauni yawo, imene sititchula dzina, yalembetsa mwatsopano onse okhala ndi matebulo pamsika, ndipo tsiku lotseka ladutsa. Tebulo limene wakhala akulipira kwa zaka zambiri linali m'manja mwa wina. Atapita kukafunsa anamulozera bolodi la pa ofesi. Chidziwitso chinalidi pamenepo, m'Chingerezi, chomata ndi selotepu. Pambali pake panali chipepala china chachikulu chamitundumitundu, chonena kuti khonsoloyo imaika patsogolo amayi, achinyamata ndi anthu aulumali.

Mapepala awiriwo sangakhale oona onse. Khonsolo ikamati imaganizira amayi, koma uthenga wokhudza nsima ya ana awo n'kukaumata pamalo pamene mayi wa geni sapondapo, ndiye kuti ikulankhula ndi mabungwe opereka ndalama ndi akuluakulu a ku Harare. Ife sikulankhula nafe. Mawu akuti pasakhale munthu kapena dera lotsala m'mbuyo timawamva pa wailesi tsiku ndi tsiku. Funso lathu kwa makhansala a ku Kadoma, a ku Chegutu ndi a matauni onse a m'msewu wa Harare kupita ku Bulawayo ndi limodzi: wotsala m'mbuyoyo mwamufikira bwanji, ndipo mwamuuza m'chinenero chanji?

Chichewa si mlendo m'dera lino. Agogo athu anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi, matauni awa akutchedwa Gatooma ndi Hartley. Ndi iwo analowa pansi kukumba golide ku Cam and Motor pa Eiffel Flats ndi ku Dalny ku Chakari. Ndi iwo analima m'mafamu ozungulira, ena n'kugwira ntchito m'fakitale ya nsalu ya David Whitehead. Manda awo ali konkuno, ndipo Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure, amavinidwabe m'makomboni a kuno. Adzukulu awo ndife, tili ku Rimuka, tili ku Pfupajena. Komabe kwa zaka zambiri zitupa zathu zinkanena kuti ndife alendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anapezeka kuti sangavotenso. Munthu amene wakhala akubwezedwa pa khomo la ofesi ya boma zaka zonsezo sangadzuke tsiku limodzi n'kuyamba kumakawerenga bolodi la khonsolo. Ngati mukumufunadi, mutsatireni kumene ali.

Ndipo sitikupempha chifundo ayi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, pa ndime 6, anatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndiye choyamba pa mndandanda. Ndime yomweyo imalamula nthambi za boma pa mulingo uliwonse kuti zinenerozi azizisamala mofanana, ndiponso kuti aziganizira chinenero chimene anthu okhudzidwa ndi uthenga wa boma akuchifuna. Khonsolo ndi boma ndithu. Ndime 62 imapatsa nzika ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Zonsezi zinalembedwa kale, chatsala n'kuzichita.

Tisanamizire, zina zachitika. Malamulo atasinthidwa mu 2021, kuyambira chisankho cha 2023 makhonsolo ali ndi mipando yowonjezera ya amayi, 30 pa 100 iliyonse. Misonkhano ya bajeti imayenda m'mawadi. Wailesi ya National FM imaulutsa m'Chichewa. Koma yesani nokha: imani pamsika, mufunse amayi khumi dzina la khansala wachizimayi amene analowa pa mipando yatsopanoyo, kapena tsiku limene msonkhano wa bajeti unachitika m'wadi mwawo. Mudzatiuze muno zimene mwamva. Ntchito yabwino imene mwini wake sanaimve ili ngati chimanga chotsekeredwa m'nkhokwe ana akugona ndi njala.

Wina anena kuti, nanga si nonse mumamva Chishona? Zoona, ambiri a ife timachiyankhula bwino kuposa Chichewa chomwe. Koma zidziwitso zimene timaziona nthawi zambiri sizikhalanso m'Chishona, zimakhala m'Chingerezi cha maloya, chimene ngakhale mwana wa sekondale amachita kuchibwereza katatu. Kulinso agogo athu amene amalipira madzi ndi msonkho wa nyumba mwezi ndi mwezi, koma chimene amamva bwinobwino ndi Chinyanja chawo. Kulinso madalaivala ndi a malonda ochokera ku Blantyre, ku Chipata ndi ku Lusaka, amene amagona m'matauni awa, kudya pano, kugula mafuta pano ndi kulipira malo oimika thiraki. Akalakwitsa lamulo la khonsolo limene sanalimvepo, chindapusa chokha ndiye chimawapeza msanga.

Ndiponso nkhani si chinenero chokha. Msonkhano wa pakati pa sabata m'mawa, ndani wa geni angasiye tebulo lake? Nthawi imeneyo wina ali m'basi, wina ali pa mzere pa Chirundu tsiku lachitatu. Kuika chidziwitso pa Facebook n'kwabwino, koma bandulo imene mayi wa tomato amagula ndi ya WhatsApp yokha. Msonkhano wa mu hotela, wa mabotolo a madzi ndi zikwama zolembalemba, umafikira anthu amodzimodziwo chaka ndi chaka.

Musaganize kuti izi ndi za matebulo okha. Anthu a ku Chegutu kolera amamudziwa. Kumapeto kwa 2008 tauniyi inavutika kwambiri ndi mliri umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Mu Januwale 2018 kolera anabukanso komweko. Mliri wa 2023 unayambiranso ku Chegutu, mu Febuluwale, usanafalikire zigawo zina. Uthenga wa madzi, wa zimbudzi ndi wa kasungidwe ka maliro ukachedwa kapena ukafika m'mawu osamveka, anthu amafa. Ndipo dalaivala amene wamwa madzi ku Chegutu lero, mawa ali pa Chirundu kapena pa Plumtree. Kumuuza iyeyo m'chinenero chake n'kuteteza mayiko angapo.

Zimene tikufuna sizodula. Chidziwitso chilichonse chokhudza ndalama, malo a msika, madzi ndi matenda chilembedwe m'mawu a tsiku ndi tsiku, m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Chimatidwe pamsika, pa renki ya mabasi, pa mjigo, pa chigayo, pa chipatala ndi pamene mathiraki amagona. Chiwerengedwe ku tchalitchi ndi ku mzikiti, chiperekedwenso kwa atsogoleri a mabungwe a maliro, chifukwa palibe uthenga woyenda msanga ngati wawo. Wogwira ntchito wa khonsolo ajambule mawu a mphindi imodzi, awatumize pa WhatsApp, osatha kuwerenga amve nawo. Kalembera wa matebulo asatseke pasanathe mwezi, chifukwa ulendo wathu umodzi umadya sabata ndi theka. Msonkhano umodzi mwa ingapo ukhale Lamulungu masana. Ndipo pamapeto pake mubwere mudzatiuze kuti matebulo angati apita kwa amayi, angati kwa aulumali, angati kwa achinyamata. Popanda manambala amenewo, chipepala chamitundu chija ndi chokongoletsera khoma basi.

Koma abale, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ifenso tili ndi mlandu. Timadandaula m'basi, timadandaula muno, koma msonkhano ukaitanidwa timati izo ndi za eni dziko. Eni dziko ndani, poti agogo athu agona m'nthaka yomweyi? Ndiye tigwirizane zinthu zingapo.

Choyamba, amene chitupa chanu chikadali cha mlendo, dziwani ndime 43. Ngati munabadwira m'Zimbabwe malamulo a 2013 asanatuluke, kholo lanu limodzi kapena onse ali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo munkakhala konkuno, ndinu nzika yobadwa. Pitani ku ofesi ya kalembera wa zitupa ndi setifiketi yanu yobadwira, musinthitse, kenako mulembetse kuvota. Khansala amamva bwino munthu amene ali ndi voti.

Chachiwiri, lamulo loyendetsera makhonsolo a m'matauni limati khonsolo ikafuna kusintha mitengo ya ntchito zake iyenera kulengeza ndi kupereka masiku 30 oti anthu atsutse. Anthu 30 kapena kuposa akalemba kutsutsa, iyenera kuunikanso. Anthu 30 ndi basi imodzi yosadzaza. Lembani kalata, m'Chichewa ngati mukufuna, musiye imodzi, ina akudindireni mubwere nayo.

Chachitatu, musanyamuke ulendo osasiya munthu. Malisiti a tebulo muwajambule pa foni, enieniwo asungidwe kunyumba, ndipo wapampando wa msika adziwe nambala ya amene mwamusiyira. Madalaivala, polipira malo oimika thiraki funani lisiti la khonsolo lokhala ndi chidindo. Wokana kupereka lisiti, ndalamayo sikupita ku khonsolo.

Chachinayi, aliyense wodutsa pa ofesi ya khonsolo ku Kadoma kapena ku Chegutu ajambule zonse zimene zili pa bolodi, aponye muno tsiku lomwelo. Amene timatha Chingerezi tizimasulira, wina ajambule mawu. Imeneyi ndi ntchito ya khonsolo, ndipo sitisiya kuwakumbutsa, koma pamene tikudikira tisatayenso tebulo lina.

Mayi uja panopa akugulitsira pansi, m'mbali mwa msewu, maso ali kwa apolisi a khonsolo. Kalata yake yalembedwa, ikusowa anthu oti akamuperekeze. Amene muli pafupi ndipo simuli pa ulendo sabata ino, nenani muno tidziwane. Muyende bwino nonse amene muli pa msewu.