MWANA WOVUTIKA MUMTIMA: PEMPHO LA MAKOLO LILEMBEDWE

M'sukulu zathu zambiri muli ana amene amatchedwa opulupudza, amwano kapena ogona. Wina sakhazikika pansi ngakhale kwa mphindi zisanu. Wina amamenya anzake popanda chifukwa chooneka. Wina amangokhala duu kumbuyo kwa kalasi, osayankhula ndi munthu chaka chonse. Kawirikawiri chimene ana otere amalandira ndi chikoti, chibalo cha kulima, kapena kubwezedwa kunyumba. Ine ndikuona kuti ambiri mwa iwo si oipa mtima ayi. Ndi ana ofunika thandizo, ndipo makolo ayenera kupempha thandizolo kusukulu mwa dongosolo, polemba kalata, osati pongodandaula pakamwa.

Choyamba tidziwe kuti khalidwe la mwana lili ndi gwero lake. Mwana amene anadwalapo malungo a muubongo angathe kuchira m'thupi koma n'kutsala ndi mtima wapachala ndi kuiwalaiwala. Khunyu yamtundu wina sigwetsa mwana pansi, imangomuyang'anitsa kumodzi kwa kanthawi, ndipo mphunzitsi amayesa kuti ndi mwano. Mwana wotuluka mafinya m'khutu samva bwino, choncho amaoneka ngati wosamvera. Palinso mabala a mumtima: imfa ya mayi, ndewu za makolo, nkhanza za achibale, ngakhalenso zoopsa monga namondwe wa Freddy amene anakokolola midzi ya m'chigawo cha kummwera mu 2023. Zonsezi si ufiti, ndipo chikoti sichingazichiritse.

Nanga kholo liyambire pati? Liyambire kuchipatala. Mwana apimidwe makutu, maso ndi thupi lonse, ndipo zimene adokotala apeza zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Kunyumba makolo asunge kope lolembamo tsiku limene mwana wavuta, chimene chinayambitsa, ndi chimene chinamutonthoza. Pakatha mwezi kopelo limaulula zimene maso sanaone, monga kuti mwana amavuta tsiku limene wapita kusukulu osadya, kapena pamene anzake am'seka.

Kenaka alembe kalata kwa aphunzitsi aakulu yopempha msonkhano, ndipo asunge kalata ina yofanana nayo. Wosadziwa kulemba asachite manyazi kupempha mnansi kuti am'lembere. Pamsonkhanopo pakhale mphunzitsi wa kalasi, ndipo agwirizane zinthu zitatu kapena zinayi zotheka: mwana akhale kutsogolo, akhale ndi mphunzitsi mmodzi womuthawira mtima ukawawa, apatsidwe ntchito pang'onopang'ono, ndipo asadzudzulidwe pamaso pa anzake. Zimene agwirizanazo zilembedwe, pamodzi ndi tsiku lodzakumananso.

Kulembaku n'kofunika chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo mwana amakwera kalasi chaka ndi chaka. Lonjezo la pakamwa limachoka ndi mwini wake, koma pepala limatsala mu ofesi. Ife a zaumoyo timadziwa kuti chitsime chowonongeka chimene sichinalembedwe m'lipoti sichikonzedwa. N'chimodzimodzi ndi vuto la mwana.

Ngati kusukulu sizikuyenda, njira sinathere pomwepo. Pali komiti ya sukulu ndi gulu la amayi oyang'anira ana. Pamwamba pawo pali mlangizi wa maphunziro a pulayimale, a PEA, amene amapezeka ku TDC ya dera lanu. Iwo angathe kuitanitsa mphunzitsi wa ana ofunika chisamaliro chapadera, wonga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kuti adzamuone mwanayo. Pamene pali nkhanza, nkhani ipite msanga ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kapena muimbe nambala yaulere ya 116.

Makolo asaganize kuti akupempha chifundo. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Lamulolo silinapatule mwana wamanyazi kapena wosachedwa kupsa mtima.

Ena adzati mphunzitsi wa ana zana limodzi sangathe kusamala mmodzi payekha. Kunena zoona, katundu wa aphunzitsi athu ndi wolemera, ndipo kholo lisapite kusukulu ngati likupita kubwalo la milandu. Lipite mwaulemu, monga mnzawo wothandizana naye kulera. Komabe kusuntha mwana kuti akhale kutsogolo sikulira ndalama, ndipo mwana amene wathandizidwa amaleka kusokoneza anzake 99 aja. Akasiyidwa, mawa ndiye woleka sukulu pa Sitandade 4, woyamba chamba ndi kachasu, kapena wokwatiwa asanakhwime. Pamenepo mtengo wake umagwera mudzi wonse.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo n'poyamba. Inu makolo, ngati mwana wanu wasintha khalidwe kwa milungu ingapo, musadikire kuti sukulu ikuitaneni atapalamula. Tengani buku la kuchipatala ndi kope lanu, lembani kalata, mukaonane ndi aphunzitsi aakulu teremu ino isanathe.